Gitala ya Mumgolo wa Amayi

Ine ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo sindibisa. Koma pa zonse zimene ndakanganapo ndi anthu mu Lilongwe muno, palibe chimene chandithera malovu ngati nyimbo zitatu za kumapeto kwa kaseti ina yakale.

Ndinakulira ku Kawale, m'nyumba za lendi zoyang'anana pabwalo limodzi. Makolo anga anachokera kumpoto. Khomo loyandikana ndi lathu munkakhala mnyamata wina wa kwathu komweko, wamtali ngati mlongoti, amene ankaphika kwa azungu kumayadi. Abwana ake posamuka anamusiyira zimbale zakale za galamafoni. Pachikuto cha chimodzi panali anyamata ataimirira pamatabwa pamwamba pa mafunde a nyanja ya mchere, ndipo gitala ya m'chimbalemo inkalira monyowa, ngati munthu akuiimbira pansi pa chitsime. Kulira kumeneko kunamulowa m'mutu mnyamatayo. Anasonkhanitsa anzake atatu, telala, wowotcherera zitsulo ndi kondakitala wa basi, n'kuyambitsa bandi kuseri kwa bafa lathu.

Mwa anayiwo palibe anaionapo nyanja ya mchere. Komabe ankaimba za mafunde, za kamphepo kayeziyezi, za atsikana a ku Biwi oyenda monyada, mawu anayi akukwerana mosalala, poti onse anakulira m'kwaya ya kutchalitchi. Chimene chinkawasowetsa tulo ndi kulira konyowa kuja, popeza makina ake analibe. Anayesa kuika sipika m'bafa, anayesa m'ndowa, mpaka anapeza kuti ikalowa mumgolo wachitsulo wopanda kanthu, gitala imalira ndendende ngati ya m'chimbale. Tsono mgolo pabwalo lonselo unali umodzi wokha, wa amayi anga, wosungira madzi.

Amayi ankawabwereka monyinyirika, ndipo pangano linali limodzi: madzi akangobwera pampopi, mgolo ubwerere kwa mwini wake. Masiku amenewo mpopi wathu unkatha masiku awiri uli wouma. Ndiye pabwalo limodzi panali mapemphero awiri, amayi akupempha kuti madzi abwere, anyamata akupempha kuti achedweko pang'ono. Ine ndinali mtsikana wa ku pulayimale, ndipo ndinkakhala panjerwa n'kumamvera mpaka kuiwala mbale zotsuka. Ndinakwapulidwa kangapo chifukwa cha bandi imeneyi, ndipo sindidandaula ngakhale kamodzi.

Loweruka lina masana anabwereka wailesi ya kaseti kuti ajambule nyimbo zawo. Ziwiri zinayenda bwino. Yachitatu, yokoma kuposa zonse, ili pakatikati, mpopi unayamba kutsokomola. Amayi anatulukira chitenje chili m'chiuno, n'kukuwa m'Chitumbuka kuti madzi abwera, abweze mgolo wawo msangamsanga. Anyamata sanaime, poti kaseti inali imodzi yomweyo. Amayi sanali munthu wonena kawiri. Anangofika, kusolola sipika, kuikhazika pansi, n'kugubuduza mgolo wawo kupita nawo kumpopi. Gitala inauma pomwepo, nyimbo n'kutha chouma choncho.

Kasetiyo anakaipereka kwa mkulu wina wojambula makaseti mumsika kuti awachulukitsire. Nthawi imeneyo kunali bandi ina yotchuka dziko lonse, ya zida zenizeni, yomveka pawailesi m'mawa ndi madzulo. Chimbale chawo chatsopano chinali chachifupi, chinkasiya malo kumapeto kwa kaseti, ndipo makasitomala ankadandaula kuti akugula mphepo. Mkulu uja pofuna kutseka pakamwa makasitomala anadzaza malowo ndi nyimbo zitatu za anyamata athu, koma pachikuto analembapo dzina la bandi yotchuka lokha. Kasetiyo inalowa m'minibasi, m'maukwati, m'magolosale, ndipo anthu ankazungulitsa tepi ndi bolopeni kuti afike msanga pa zitatu zomalizazo. Aliyense ankati ndi za bandi yotchuka. Anyamata athu akati ndi zathu, anthu ankawaseka kuti inuyo a kuseri kwa bafa? Sipanapite nthawi, bandi inabalalika, aliyense n'kubwerera ku ntchito yake.

Mlandu umenewu ndinausenza ndine. Ndakangana ndi makondakitala, ndi alamu anga, ngakhale ndi wometa amuna anga. Tsiku lina ndinatsika minibasi pa Chipasula ulendo usanathe, chifukwa dalaivala anandifunsa kuti amayi mwakhuta chiyani m'mawa uno. Bandi yotchukayo sindidana nayo ayi, ndinavina nawo nyimbo zake, ndipo sinabe ndi iyo. Koma ili ndi nyimbo zosawerengeka. Anyamata athu anali ndi zitatu zokha, ndiye zitatu zomwezo zipitenso kwa okhuta kale? Zimenezo zinkandiwawa kwambiri.

Chaka chatha mwana wanga wamkazi anapeza banja, mnyamata wa ku Chinsapo, makolo ake a ku Ntcheu. Tili pa zokambirana za chinkhoswe kwathu ku Area 23, asewele anga aamuna, amene anayendetsa minibasi zaka zambiri, anati polowa ana pabwalo paikidwe nyimbo yachitatu ija, ya bandi yawo yapamtima. Anafotokoza ndi manja omwe kuti akatswiri ndi akatswiri basi, tamverani momwe gitala imasinthira kumapeto, ndi kamayi kamene kamakuwa pakati paja, zonsezo ndi nzeru za mu situdiyo. Kamayi! Amuna anga anandiponda phazi pansi pa tebulo, koma anachedwa. Ndinawauza asewele kuti kamayi mukunenako ndi kamene kanandibala ine. Anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti aliyense mu Lilongwe ali ndi wachibale m'nyimbo imeneyo.

Ndinagona ndi ukali, ndinadzuka ndi nzeru. Mwa anayi aja, atatu anatisiya kale. Wotsala ndi mwini gitala, wophika kwa azungu uja, amene tsopano ndi bambo wa imvi mbuu, mkulu wa mpingo, wokonza mawailesi pakhonde pake ku Mgona. Ndinakwera minibasi ziwiri kukawapeza, n'kuwapempha kuti adzaimbe pachinkhoswe. Anakana. Anati zimenezo zinali zachinyamata, ndipo nyimbo ikatuluka pakhomo ili ngati mwana wokwatiwa, sumulondola kubanja kwake. Anatinso gitala anagulitsa kalekale. Akazi awo ali pakhomo la kukhitchini anatsokomola, n'kundilozera ndi mlomo pamwamba pa wadirobu, pomwe gitalayo inali.

Ndinati, “Abambo, mwatsala nokha. Mukadzapita inu, ndidzatsala ine ndekha wokuwa m'minibasi ngati wamisala, ndipo palibe adzandikhulupirire.”

Anatembenuzatembenuza sikuludiraiva m'manja. Kenako anangofunsa ngati mgolo ulipo.

Wa amayi uja unadyeka ndi dzimbiri kalekale, eni akenso anatisiya zaka zingapo zapitazo. Ndinabwereka wina kwa anyamata otsuka magalimoto, ndinautsuka, n'kuuyanika padzuwa. Tsiku la chinkhoswe nditaugubuduzira pakati pa bwalo, anthu anayamba kufunafuna makapu poyesa muli thobwa. Abambo aja anafika masana atavala suti ya kutchalitchi, gitala ataikulunga m'chitenje cha akazi awo. Anakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi geti, ndipo ndinaopa kuti athawa.

Nthawi yolowa ana itakwana, ndinalanda maikolofoni kwa woyendetsa mwambo. Ndinauza mnyamata wa zoimbira kuti aike nyimbo ija, ndipo ndinapempha anthu kuti asavine kaye, angotchera khutu. Itafika pamalo paja, mawu a amayi anatuluka m'masipika akuluakulu, akuthwa ngati kale. Azakhali anga awiri ochokera kumudzi, amene nyimbo za m'tauni sazitsata, anadzambatuka n'kugwira pakamwa, poti anawazindikira alamu awo. Koma asewele anangopukusa mutu akumwetulira, n'kunena kuti amayi a kumpoto okuwa alipo ambiri.

Ndiye ndinakawagwira dzanja abambo aja n'kuwakhazika pampando pakati pa bwalo. Tinalumikiza gitala ku kasipika kakang'ono, n'kukalowetsa mumgolo. Anaphonya koyamba, anaphonya kachiwiri, achinyamata ena n'kuyamba kukodolana. Ine thukuta linali kamukamu, ndikudzifunsa kuti kodi ndachitiranji kumuchititsa manyazi munthu wamkulu chifukwa cha makani anga. Kachitatu gitala inalira. Inalira monyowa, kuchokera pansi pa mgolo, kulira komwe kuja ndinkakumvera ndili panjerwa. Nthungululu zinasweka mbali zonse za bwalo.

Anayamba kuimba okha mawu amene kale ankaimba anayi, koma sanakhale okha nthawi yaitali. Nyimboyo aliyense ankaidziwa. A ku Ntcheu anatenga mawu apansi, amayi a kumpingo kwathu anatenga apamwamba, ndipo mwana wanga ndi mnzake analowa akuvina pakati pa fumbi. Ndinasangalala mpaka kuiwala kuti nsapato zikundithina.

Nyimbo itafika pakatikati, abambo anandiyang'ana n'kutukula nsidze. Sitinapangane zimenezo, koma ndinamva. Ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinakuwa mawu a amayi m'Chitumbuka changa chopindika cha ku Kawale, ndinasolola sipika, n'kugubuduza mgolo. Gitala inauma pomwepo, ndendende ngati pakaseti. Koma mawu amene anatuluka pakhosi panga sanali anga, anali a amayi enieni, ndipo misozi inatsika ndili pakati pa kuseka.

Asewele anaima kukamwa yasa, chipewa chili m'manja. Anabwera, anagogoda mgolo, anasuzumira mkati ngati muli makina obisika, n'kuona kuti mulibe kanthu.

“Asewele,” anatero, “zaka zonsezi ine ndakhala ndikuvina mgolo wa amayi anu?”

Ndinati eya, ndipo kamayi kaja mukapepese. Anaseka, koma anawerama n'kuwomba m'manja mwaulemu atayang'ana mgolowo, anthu n'kufa nazo. Kenako anatenga maikolofoni, n'kukaipereka okha kwa mwini gitala, kuwapempha kuti auze anthu dzina la bandi imene inaimba nyimbozi.

Abambo aja, omwe anati nyimbo sailondola, anaigwira maikolofoniyo ndi manja awiri. Dzina la bandi analitchula kamodzi, mofulumira, ngati akuchita manyazi. Kenako anaimirira bwinobwino, n'kutchula mayina a anzawo atatu aja mmodzimmodzi, mosathamanga, aliyense ndi ntchito yake: telala, wowotcherera, kondakitala. Pomaliza anatchula dzina la amayi anga, n'kunena kuti ameneyu anali wachisanu.