Tebo Ziwiri za a Nkhono

Anthu ankawatchula kuti a Nkhono, chifukwa moyo wawo wonse anayendetsa galimoto yonyamula maliro, ndipo pamsewu sankapitirira ngakhale njinga. Anzawo anali ochepa. Munthu amene amafika pakhomo pa tsiku lachisoni lokha, anthu sakumbukira kumuitana ku ukwati.

Atapuma pa ntchito, akazi awo atamwalira kale, anagula galimoto yakale yampikisano n'kuikankhira m'galaja kuseri kwa nyumba. Injini anaiphwasula okha, n'kuimanganso. Chinatsala n'chida choikankhira mpweya wambiri kuti ikhale ndi mphamvu.

Atapita ku sitolo, mayi wogulitsa zipangizo za galimoto anawayalira zonse patebulo.

"Iyi ndi supachaja, bambo. Imayendera lamba wochokera ku injini. Mukangoponda, yayankha. Kumanga kwake n'kosavuta, mutha nokha. Izi ziwiri ndi tebo, zimazunguzidwa ndi utsi wa injini. Zimachedwa kudzuka, koma zikadzuka gwirani chipewa. Kungoti zimafuna mapaipi atsopano, ndiye mupezenso wowotcherera."

A Nkhono anaimbira foni mwana wawo wamkazi, yemwe amakhala kutali, kuti amve maganizo ake.

"Ababa, zimenezo ine ndizidziwira kuti? Sankhani yomwe mtima wanu wakonda. Ndili pa ntchito, ndiimbanso."

Anakhala pampando wa m'sitolomo foni ili m'manja. Mumtima ankafuna supachaja, poti kudikira anali atatopa nako. Koma anaganiza za galaja lija, mmene sipanala ikagwa pansi imamvekera nyumba yonse, poti munalibe munthu wina.

"Ndikulungireni tebo," anatero.

Wowotcherera anali bambo wa mimba yaikulu, pakamwa posatseka. Ankafika m'mawa ndi makina ake pangolo, n'kuyamba kupinda mapaipi akuseka.

"Madala, mukuthamangira kuti? Makasitomala anu aja sankadandaula za liwiro."

A Nkhono anaseka mpaka kutsokomola. Anatsuka kapu yachiwiri yomwe inachita fumbi m'kabati. Paipi ikakwana bwinobwino, iwo ankaipezera chifukwa: apa yayandikira waya, apa ikhudza boneti. Mnzawoyo ankawayang'ana cham'mbali, n'kuidulanso.

Koma ntchito imatha. Tsiku loyesa galimoto ku bwalo lampikisano, wowotcherera anapepesa kuti akukawotcherera geti kwina.

A Nkhono anapita okha. Anaponda mafuta, galimoto n'kukhala ngati ikuganiza kaye. Kenaka tebo zinaimba mluzu, mpando unawamenya kumsana, mipanda ya bwalo n'kusanduka mzere umodzi. Anamva mantha, ndiponso kukoma kumene sanakudziwepo. Ataima, anasuzumira pawindo kuti aone ngati wina waona. Kunali mlonda yekha, akusesa cha kugeti, atawafulatira.

Anabwerera kunyumba pang'onopang'ono, minibasi zikuwaimbira hutala.