Ma hampu a ba Tembo

Lelo foni yandituma kukatenga kasitomala pa geti yanu ku Chelstone, ba Tembo. Kasitomalayo ndi mwana wanu, wandiuza kuti munatisiya mwezi watha.

Ndakumbukila tsiku lija foni yondionetsa njila inandizimila tikupita kwa mlongo wanu ku Chilenje, ine ndikali mlendo mu Lusaka. Inu, munthu wosaona, munangoseka. "Mwana wanga, yendetsa chabe." Munkawelenga ma hampu a mumsewu ndi msana wanu galimoto ikadumpha. Munati, "Tadutsa Woodlands." Mutamva fungo la kapenta wa pamsika munandiuza kuti ndikhotele kumanzele, ndipo tinaima pakhomo penipeni. Mzinda wonsewu munaunyamula m'thupi mwanu! Lelo pobwelela ndayesa kuwelenga ma hampu aja ngati inu, ine wa maso awili. Ndasokonezeka pa yachinayi.