Maliro a Atate a M'telefoni

Chimene chinandichotsa ku Ntengo-Wambalame ndi kachewere. Chaka chimenecho aliyense anakolola wambiri, ndiye ogula ankabwera ndi magalimoto awo n'kumatchula mtengo ngati akutichitira chifundo. Mkazi wanga Nasitaziya anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Ndinayang'ana matumba akuphukira pakhonde, ndinayang'ana mimba ija, n'kunena kuti, "Mayi, ine ndikupita ku Joni." Sanalire ayi. Anangoti, "Pitani, koma chinthu choyamba mukatumize telefoni yoti tizikuonani nkhope. Amuna a kuno akawoloka Zambezi amasanduka mphekesera."

Ku Joni ndinazunzika miyezi ingapo, kenaka ndinapeza ntchito pa fabrika ina yokonza timaplaka, timatabwa tobiriwira tija timakhala m'kati mwa wailesi ndi matelefoni. Tsiku loyamba anandiveka mkanjo wabuluu, n'kundimanga kalamba padzanja, chingwe chake chokoleka pa tebulo. Mumtima ndinati basi, andigulitsa. Kwathu chomwe chimamangidwa chonchi ndi mbuzi.

Shefi wathu, bwana wa pantchitopo, anali Senyoro Arimando, bambo wamfupi wa ku Beira. Ataona nkhope yanga anaseka mpaka kutsokomola.

"Epa, rapazi, unayamba wavulapo juzi mumdima n'kumva thethethe?"

"Eya, shefi. Ine ndinkati ndi ukalamba wa juziyo."

"Ndi magetsi amenewo. Zovala zikamakhulana ndi thupi, magetsi amaunjikana mwa iwe, makamaka kunja kukauma. Ukakhudza chitsulo amadumpha. Iweyo umangoti mayo n'kuiwala, koma plaka imafa, ngakhale ndi kamphezi koti sunakamve n'komwe. Chingwechi chimatsitsira magetsiwo pansi. Ukachivula, uvulenso mkanjowo uzipita kwanu."

Sindinachivulepo. Zaka zinayi ndinakhala pachingwe, moti lero tsiku la msika ndikamakonza matelefoni a anthu pa Tsangano ndimakhomerabe chitsulo pansi n'kudzimangirira. Anzanga ogulitsa nyemba amandifunsa ngati ndikufuna msipu.

Telefoni ndinatumizadi ndi malipiro oyamba. Mwana wathu Luludi ndinamuona koyamba pagalasi lake, ali wofiira, akulira. Anakwawira pagalasi pomwepo, anamerera mano pomwepo, ndipo mawu oti "atate" anawanena akunyambita telefoni. Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi ndinkaimba. Nasitaziya ankaimika telefoni pa mpando, mwana n'kumandionetsa zala, nkhuku, ngakhale chilonda cha pabondo. Ndalama ndinkatumiza, malata anakwera padenga, feteleza sankasowa. Koma ndisaname, ndikadula telefoni ndinkakhala pa matiresi m'kachipinda komwe tinkagona amuna asanu, n'kumalira chamumtima kuti anzanga asandiseke. Kusungulumwa kwa ku Joni n'koipa chifukwa anthu ali ponseponse.

Chaka chachinayi anandipatsa tchuthi cha mwezi umodzi. Ndinagula jekete yonyezimira ya nayiloni ndi nsapato za mphira wokhuthala, kuti anthu akaone okha kuti munthu wachokera kutali. Unali mwezi wa Juliyo, ndipo amene amadziwa Tsangano akudziwa: mphepo yake imang'amba milomo, fumbi lili kobo. Ndinatsika pa njinga yamoto pakhomo, Nasitaziya akululutira, abale atadzaza bwalo. Kamtsikana kamaso ngati anga kanabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake.

"Luludi, awa ndi atate ako," anatero Nasitaziya.

Mwana anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Kenaka anathamangira m'nyumba, n'kutuluka atakumbatira telefoni.

"Atate anga ndi awa."

Bwalo lonse linafa nako kuseka. Inenso ndinaseka, nanga n'kutani? Koma zinandiwawa kwambiri.

Sabata yonse ankanditchula kuti "abambo a jekete". Maswiti ankalandira ndi dzanja lotalika, n'kuthawa. Ankafunsa mayi ake mokweza kuti alendowa apita liti, ndipo n'chifukwa chiyani akugona m'nyumba mwathu. Litafika Lamulungu anakhala pa mpando wake kudikira kuti atate aimbe. Nasitaziya anandinong'oneza kuti, "Atate ake a Luludi, pitani kuseri kwa nkhokwe mukamuimbire, mwina azindikira." Ine bambo wamkulu, wochokera ku Joni, ndinakanjuta kuseri kwa nkhokwe pakati pa zitosi za nkhuku n'kuimbira mwana wanga yemwe anali pakhonde. Nkhope yake inawala pagalasi.

"Atate! Kuno kwabwera chibambo china. Chikudya kwambiri. Bwerani mudzachithamangitse."

Ndinamulonjeza kuti ndiona chochita.

Tsono telefoni ija inali itakalamba, pobayira karegadolo, kachingwe kotchajira kaja, panali patakhwepa, moti ankachita kuitsamiritsa pa mwala kuti ilowe moto. Ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Ndikawachiritsa atate akewo mwana akuona, mwina andiwerengera. Ndinatulutsa tizitsulo tanga, ndinakhala pa mpando wa pulasitiki pabwalo, anthu n'kundizungulira. Malume ake a Nasitaziya, a Jeremiyasi, anabwera ndi mpando wawo kudzaonerera luso la mkamwini. Luludi anaima patali, maso ali pa manja anga.

Tamverani tsono uchitsiru wa munthu wodziwa. Chingwe chija ndinachisiya ku Joni. Ndinali m'jekete ya nayiloni, pa mpando wa pulasitiki, mapazi ali pa mphira, kunja kouma gwa, ndipo chifukwa cha kuzizira ndinali ndikupukuta manja pa jeketepo kuti afunde. Senyoro Arimando akanandiona akanakomoka. Ndinatsegula chivundikiro, ndinatambasula chala kuti ndiwaonetse a Jeremiyasi pomwe panali vuto, ndipo kunsonga kwa chala ndinamva kuti the!

Ndinadziwa nthawi yomweyo. Ndinatsekabe, ndinadina batani, ndinadinanso, ndinaiuzira ngati moto. Galasi linangokhala bii.

"Yagona kaye," ndinatero.

Luludi anabwera, anailanda, anaigwedeza, n'kuitana, "Atate? Atate?" Kenaka anakuwa mawu omwe sindidzawaiwala: "Mayo ine! Abambo a jekete apha atate anga!"

Analira maliro enieni, odzigwetsa pansi. Amayi a nyumba zoyandikana atamva kuti atate ake a Luludi afa anabwera akuthamanga, ena atayamba kale kulira. Mayi wina atandipeza ndili chilili anabwerera m'mbuyo n'kugwira pamtima: "Nanga wafa ndani?" Nasitaziya anandiyang'ana n'kunena kuti, "Zaka zinayi zonsezi mumaphunzira kukonza kapena kupha?"

Ndinayesa kulongosola kuti thupi la munthu limasunga magetsi, ndipo akadumpha amawotcha tinjira ting'onoting'ono ta m'plaka tomwe maso sangathe kuona. A Jeremiyasi anasuntha mpando wawo. "Ndiye mukuti mwabwera ndi mphezi m'thupi, akamwini?" Ndinati aliyense ali nayo. Iwo anati, "Ine ndilibe," ndipo potsanzika sanandipatse dzanja, anangowomba m'manja ali patali.

Mwana sanadye tsiku limenelo. M'mawa mwake anakulunga telefoni m'kansalu, anaiika m'katoni ya sopo, n'kulengeza kuti atate ake aikidwa m'manda pansi pa mtengo wa mapichesi. Ndinamuuza Nasitaziya kuti ndikagula ina ku Tete, koma iye anapukusa mutu. "Ina ya chiyani? Kuti muzikanjutanso kuseri kwa nkhokwe? Musiyeni alire." Kenaka anandipatsa khasu. "Wopha ndiye akumbe."

Ndinavula jekete ndi nsapato zija n'kuyamba kukumba manda anga. Sindikudziwa ngati m'Tete monse muno muli mwamuna wina amene zinamuchitikirapo. Anthu a pamaliro tinalipo atatu, galu wa a Jeremiyasi n'kukhala wachinayi. Luludi anatsitsa katoni m'dzenje, anapinda manja monga amachitira akuluakulu a mpingo, n'kuyamba kulalikira.

"Atate anga anali abwino. Samakalipa. Amaseka ndikawaonetsa nkhuku. Amabwera Lamulungu lokha, kenaka amazima."

Nasitaziya, yemwe anali akudziluma milomo kuti asaseke, kuseka kunamuthera. Ine ndinaweramira pa khasu. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti pakhomo pali malo anga ondidikira, ngati mpando womwe anthu saukhalira. Koma pakhomo sipadikira munthu. Mwana anatenga chomwe ndinatumiza n'kudzipangira bambo, ndipo anamukonda ndi mtima wonse, bambo wa tsiku limodzi pa sabata.

Nditakwirira, Luludi anaika duwa la dzungu pamwamba. Kenaka anandiyang'ana m'maso koyamba chibwerereni.

"Inu, mukhala kuno? Kapena nanunso mulowa m'telefoni?"

Tikiti yobwerera inali m'chikwama, ndipo ku fabrika ankandiyembekezera mwezi ukatha. Ndinaganiza za malipiro, ndinaganiza za mtengo wa kachewere, womwe mpaka lero sunasinthe khalidwe. Ndinayang'ana Nasitaziya, koma iye anali akuyang'ana galu, dala.

"Ndikhala," ndinatero.

"Masiku onse? Ngakhale Lolemba?"

"Ngakhale Lolemba."

Anaganiza kanthawi, monga munthu amene akugula mbuzi yomwe sakuikhulupirira kwenikweni. Kenaka anakweza manja onse awiri.

"Ndiye ndinyamuleni. Miyendo yawawa."

Ndinayamba ndagwira chitsulo cha khasu, mapazi ali pa dothi, kuti ndisaphenso munthu wachiwiri pakhomo pomwepo. Kenaka ndinamunyamula. Anali wolemera kuposa momwe ankaonekera pagalasi.