Hatchi ya Akapitawo ndi Galu Wachiwewe

Chaka chimene ine ndi amuna anga tinachoka ku Mulanje kukalima fodya ngati matenanti pa esiteti ina kufupi ndi Chamama, m'pamene ndinaona hatchi koyamba ndi maso angawa. Ndinagwa nayo ulesi. Za m'mabuku akusukulu zinali zazitali ndi zosalala, koma iyi inali yaifupi, yamiyendo yojintcha, ubweya uli nyankhalala ngati chiguduli. Ndinafunsa amuna anga ngati sinali bulu.

Akapitawo, amene ankaikwera poyendera minda, anandimva.

"Mayi, musainyoze," anatero. "Mtundu umenewu ndi wa kumapiri ozizira a kumwera uko. Njinga yamoto ya abwana imatitimira m'dambo, koma iyi imangodutsa."

Sananame. Mu Okutobala, ng'ombe zikuonekera nthiti, iyo inkangodya mapesi ndi udzu wouma nkukhalabe yonenepa. Inkayenda tsiku lonse dzuwa likuswa mtengo. Kufatsa kwake ndiye kosaneneka. Ana ankaikoka mchira, ena kudutsa kunsi kwa mimba yake, iyo ili duu. Bingu kapena lole sizinkaidzidzimutsa. Liuma lake linali limodzi: masana inkapita pamthunzi wa mango pafupi ndi chigafa chathu choyanikamo fodya, ndipo ikaima pamenepo ngakhale chikoti sichinkaisuntha.

Tsiku lina m'nyengo yothyola fodya, ndinali m'chigafamo ndi amayi anzanga tikusoka masamba. Mwana wanga wamkazi, amene anali atangoyamba kuyenda, ankasewera pamkeka panja, chapafupi ndi mthunzi uja. Mwadzidzidzi tinamva mfuu kuchokera kumunda.

"Galu! Galu wachiwewe! Tengani ana!"

Ndisanadzuke n'komwe, galuyo anatulukira m'mizere ya fodya, akuthamanga mokhotakhota, thovu lili chuchuchu kukamwa. Analunjika pamkeka.

Chimene ndinaona pamenepo mpaka lero chimandinjenjemeretsa. Hatchi ija, imene inaima pamthunzi paja, inagoneka makutu, inalira kulira kumene sindinakumvepo, ndipo inadumpha mkeka ndi mwana yemwe. Inamuluma galuyo pamsana, kumunyamula m'mwamba, kumukutumula ngati nsanza, nkumumenyetsa pansi. Kenako inayamba kumuponda ndi ziboda zakutsogolo. Mafupa ankamveka kuthyoka. Galu anafa, koma iyo osaleka, mpaka panangotsala chikopa ndi matope ofiira.

Ndinakwawa nkukatola mwana, ndinamuvula diresi nkumufufuza thupi lonse. Analibe bala ngakhale limodzi. Akapitawo anafika akuthamanga, koma anaima patali, chipewa chili m'manja.

"Zaka zonsezi," anatero motsitsa mawu, "sindinaionepo ikuthamangitsa ngakhale nkhuku."

Hatchiyo inapumira m'mwamba kwa kanthawi, kenako inabwerera pamthunzi nkuyamba kudya udzu ngati sipanachitike kanthu. Mayi wina ndiye anaona magazi akudontha pamlomo pake.

"Akapitawo, taonani, yalumidwa!"

Anaitsuka ndi sopo, ndipo abwana anaitanitsa alangizi a ziweto. Alangiziwo atafunsa, zinadziwika kuti hatchiyo sinabayidwepo katemera wa chiwewe. Popeza sinkadwala, palibe amene anaganizako. Alangizi analamula kuti itsekeredwe m'khola payokha, munthu asaikhudze.

Ine m'mawa uliwonse ndinkapita ndi madeya m'beseni nkuwakankhira kunsi kwa mpanda ndi ndodo. Bala linapola. Masabata anadutsa, fodya anauma, tinayamba kusankha. Amuna anga ankandilimbitsa mtima.

"Chinyama cholimba ngati chimenechi sichingafe ndi galu, amayi a mwana. Muona."

Inenso ndinakhulupirira. Koma m'mawa wina ndinaipeza ikuzungulirazungulira m'kholamo, dovu likuyoyoka. Inali itatafuna mitengo ya mpanda mpaka mano kutuluka magazi. Itandiona inathamangira kumene ndinaima nkudziwombetsa pampanda, maso ali psuu. Kenako inatembenuka nkuyamba kudziluma mwendo wake womwe. Beseni linandigwa m'manja.

Alangizi atatsimikiza kuti chinali chiwewe, masana ake kunabwera munthu wamfuti. Akapitawo, bambo amene tonse tinkawaopa pantchito, anakhala pansi kuseri kwa chigafa atatseka makutu ndi manja, misozi ikutsika. Mfuti inalira koyamba, hatchi inagwada nkudzukanso. Inagwa mfuti italira kachiwiri.

Amuna anga ndi matenanti anzawo anakumba dzenje lalikulu kumapeto kwa munda. Alangizi anaimirira pomwepo mpaka linakwiriridwa, kuopa kuti wina angadulepo nyama. Tsiku limenelo palibe amene anabwerera kukasankha fodya, ndipo akapitawo sanakalipire munthu. Ine ndinabereka mwana kumbuyo nkukhala naye choncho mpaka madzulo, ngakhale ankalirira kutsika.