Mayi amene anasesa phiri

Pasukulu pamene amagwira ntchito, aliyense amawatchula kuti Mayi Tsache, ndipo iwo amavomera ndi mtima wonse. Anayamba kusesa pamenepo ali mtsikana. Mahedimasitala abwera n'kupita, koma iwo adakalipo, akuwerama m'makonde ndi kukalipira ana otaya mapepala. Chinyalala chikakhala pakati panjira, mayiwa mutu umawawawa. Ngakhale pakhomo pa eni ake amatha kutola kapepala asanapereke moni.

Amuna awo ndi ometa tsitsi. Ali ndi kachipinda kumsika, muli galasi long'aluka pakona ndi mpando umodzi wozungulira. Kale bambowa akaweruka ankalowera kumowa, n'kumafika kunyumba akuyimba nyimbo zopanda mutu. Kenako kasitomala wina anawagulitsa njinga yokwerera mapiri, ya matayala onenepa, n'kuwakokera ku gulu la anthu opikisana. Mowa unatha wokha. Mimba inaphwa, nyimbo zija zinasanduka nkhani za magiya ndi mabuleki, ndipo Mayi Tsache, kunena zoona, anayamba kuwakondanso amuna awo ngati kale.

Vuto linali limodzi: bambowa anali asanamalizepo mpikisano. Panjira ya mpikisano, imene imadutsa paphiri, pali malo otsetsereka odzaza ndi mitengo yaminga, ndipo nthawi zonse tayala lawo limaphwera pamenepo. Anayesa zonse. Anadula tayala lakutha n'kuliyala m'kati mwa linzake kuti munga usafike pachubu. Anathira chubu paudala wa kumetera kuja, mpaka njinga inkanunkhira ngati mkwati. Mpweya ankaupima ndi chala chachikulu, kupopa, kuphwetsa pang'ono, kupopanso, nkhope ili gwa. Koma minga sinkamva zimenezo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano wina uchitike, bambowa anakhala pakhonde akupukuta masipoko a njinga yawo.

"Mayi a ana, mawa likangophwanso, njingayi ndigulitsa," anatero. "Ndatopa kusekedwa. Anzanga akale aja akundifunsabe."

Mayi Tsache ankawadziwa bwino anzawo akale akumowawo, ndiponso kumene amakhala. Mantha anawagwira. Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, ananena kuti akukaona mlamu wawo, n'kutuluka atabisa tsache m'nsalu. Anakwera phiri lija wapansi, nafika pamalo aminga, n'kuyamba ntchito imene amaidziwa. Anasesa kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuzula ndi zala minga yokanirira m'dothi. Zonse anazikusira bwinobwino m'mphepete mwa njira, monga amachitira pasukulu, n'kubwerera kunyumba msana ukuwawa, mtima uli mbee.

M'mawa anakaima pafupi ndi malowo pamodzi ndi anthu ena oonerera. Njinga zinayamba kutsika, fumbi koboo. Woyamba anadutsa pakati, wachiwiri pakati, onse pakati, popanda ndi mmodzi yemwe woima. Mayiwa anangotsala pang'ono kuvina.

Kenako kunatulukira amuna awo, chipewa chitapendekeka, lilime kunja. Koma munthu amene walumidwa ndi malo amodzi kambirimbiri sawakhulupiriranso. Bambowa anali atagona akuganiza nzeru yatsopano, yoti ulendo uno pakati sadutsapo. Anakhotetsa handulo mwaukatswiri, n'kulowera m'mphepete.

"Pakati, bambo! Pakati!" anakuwa Mayi Tsache.

Mochedwa. Njinga inalowa mu mulu wonse wa minga ya phiri lija. Matayala onse awiri analira limodzi, fyiii, n'kugona pansi.

Bambowa anatsika, naima manja ali m'chiuno. Anayang'ana matayala, anayang'ana mulu waminga wokusidwa mwaudongo. Kenako anayang'ana njira, ndipo pamene njinga zinali zisanaponde panali mizere ya tsache, yopindika mofanana, imene amaiona pabwalo pawo m'mawa uliwonse. Anatembenuka pang'onopang'ono. Akazi awo anali ataphimba kukamwa ndi nsalu, misozi ili m'maso.

"Mlamu wanu uja ali bwanji?" anafunsa bambowa.

"Ali bwino," anayankha mayiwa ndi mawu aang'ono.

"Amakhala paphiri pano masiku ano?"

Anthu amene anamva anaphulika kuseka. Bambowa nawo anaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo mayiwa, posowa chochita, anaseka akulira.

"Ndiye mugulitsa?" anafunsa mayiwa atapeza mpweya.

"Gwirani chishalo, tizipita," anatero amuna awo.

Anaikankha awiriwo mpaka kumapeto, wina handulo wina chishalo, matayala akupwatapwata pamiyala. Pamene amafika, opambana anali atamwa kale madzi ndi kusintha malaya, ndipo wolemba mayina anali akupinda tebulo lake. Anakana kuwalemba, ati njinga yokankha anthu awiri siili m'malamulo. Bambowa sanatsutse n'komwe.

Lolemba kumsika anzawo akale aja anabwera kudzafunsa mtengo wa njinga, ena akulonjeza kale botolo loyamba. Anapeza wometayo ataitembenuza pakhomo pa kachipinda kake, akuzula minga ndi kachitsulo kozulira ndevu, chubu chatsopano chili pakhosi. Mayi Tsache, amene anadzera pomwepo pochokera kusukulu, anaima pakona kumvetsera, mtima uli m'mwamba.

"Siikugulitsidwa," anatero bambowa osadzutsa mutu. "Inu akazi anu anakuseserani phiri liti?"