Belu limene ndinachedwa kuliza ku Lirangwe

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza chifukwa cholephera kutseka pakamwa. Ndinali ndi zaka makumi atatu, mkazi ndi ana awiri, ndipo zomwe ndinkadziwa zinali ziwiri basi: kulima chimanga kwathu ku Chileka ndi kuwerenga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma chilichonse chokhala ndi zilembo sindinkachisiya chidutse, kaya ndi nyuzipepala yokulungira usipa, kaya ndi kapepala ka m'paketi ya mankhwala a mbewu. Mayi a kunyumba ankati ndikanati ndizipalira momwe ndimawerengera, bwenzi tikugulitsa chimanga chaka chilichonse.

Mwa mabuku anga munali lina la nkhonya, lachingerezi, lopanda chikuto, lomwe ndinagula pansi m'mbali mwa msewu ku Limbe. Ndinaliwerenga kawiri, dikishonale ili pambali. Ine mwini sindinamenyepo munthu. Ngakhale mbuzi ikalowa m'munda ndimayamba ndaipempha. Koma tsiku lina kometera pamsika anthu anakangana za kutalika kwa laundi, wina akuti mphindi zisanu, wina akuti mpaka mmodzi atatopa, ndipo ndinalephera kuugwira mtima. Ndinati ndi mphindi zitatu, kupuma mphindi imodzi, kenako ndinapitiriza kulongosola zina zomwe palibe anandifunsa.

Bambo amene ankametedwa anatembenuka mutu uli wometa mbali imodzi. Anali a Namacha, omwe atapuma ntchito yozimitsa moto ku bwalo la ndege anayamba kukonza nkhonya za kumudzi, mwezi uno ku Chileka, mwezi winawo ku Lirangwe. Anandifunsa ngati ndimamwa. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndili ndi m'bale woponya nkhonya. Ndinati ayi. Basi, anati ndibwere Loweruka, akufuna munthu wa belu.

Belu lathulo silinali belu kwenikweni. Inali limu ya tayala la galimoto, yopachikidwa ndi waya pamtengo, ndipo ndinkaimenya ndi sipanala yaikulu. Patebulo panga pankakhala wezulo, kathabwa, ndi wotchi yamasewero ya mabatani awiri, lina loyambitsira ndi kuimitsira, lina lobwezera pa ziro. Oyimbira akandiloza, ndinkadina batani ndi kumenya limu nthawi imodzi. Kukatsala masekondi khumi kuti laundi ithe, ndinkagogoda tebulo ndi kathabwa kaja kuti oyimbira ayandikire, akonzeke kulekanitsa anthu. Mphindi yachitatu ikakwana, limu. Nthawi yopuma ikamatha ndinkaimba wezulo kuti apakona, anthu a ndowa ndi thawulo aja, atuluke m'zingwe. Oyimbira akaimitsa nkhonya kuti amange chingwe cha gulovu, kapena kuti atsuke chotetezera mano chomwe chagwa, nane ndinkaimitsa wotchi. Ntchito yonse ndi imeneyo. Mwana wa Sitandade 3 angaithe, ndinaganiza choncho.

A Namacha anandipatsa lamulo limodzi lokha. Anati: “Aliyense muno walipira kuti aone nkhonya. Inuyo ndikukulipirani kuti musaione.” Ndinaseka, ndimayesa nthabwala.

Ku Lirangwe tinkachitira m'shedi ya chimanga, miyezi imene imakhala yopanda kanthu. Pansi tinkayala matabwa, pamwamba pake lona, m'makona mitengo inayi ya bulugamu, ndi zingwe zokulungidwa nsanza kuti zisasupule msana. Tinkayamba cha m'ma 2 koloko masana kuti obwera panjinga abwerere kukuwala. Miyezi yoyambirira zinandiyendera bwino. Ndinazolowera kuika diso limodzi pawotchi, linalo m'zingwe, ndipo ndinayamba kudziona ngati munthu wamkulu pa zamasewero. Ndinagula mpaka cholembera chakuda chopachika pathumba la shati, ngakhale panalibe chimene ndinkalemba.

Ankhonya amene anthu ankawatchula kwambiri anali awiri. Woyamba anali Layisoni, mlonda wa kwathu ku Chileka, yemwe ankakaphunzira kwa akatswiri m'tauni. Manja m'mwamba, chibwano pansi, dzanja lamanzere likungogogoda pankhope ya mnzake, miyendo ikuzungulira. Ankamenya osamenyedwa. Buku langa likanakhala ndi maso likanamukonda. Wachiwiri anali Yohane wa ku Lirangwe, mlimi wa tomato kudimba, yemwe aliyense ankangoti Khasu, chifukwa ankaponya nkhonya ngati akuswa mphanje. Khasu sankadziwa kubwerera m'mbuyo. Ankalola kulandira ziwiri kuti apereke imodzi, ndipo mnzake akamupeza ndi nkhonya yabwino ankagwedeza mutu kuvomereza, n'kumapitabe kutsogolo.

Ine ndinali wa Layisoni, ndipo ndinkalalikira zimenezi m'minibasi kwa aliyense wosowa kothawira. Ndinkati nkhonya ndi nzeru, kumenyedwa si luso. Kondakitala wina anandimvetsera mpaka ndinatsiriza, kenako anati: “Madala, Layisoni akamamenya ndimatuluka kukagula chimanga chootcha, ndikabwera palibe chandidutsa. Khasu akalowa ndimaopa ngakhale kuphethira.” Ndinamumvera chisoni kuti sanawerenge.

Tsiku lovuta linali limene awiriwa anakumana m'shedi muja, malaundi asanu ndi imodzi. Kunabwera bambo wina wokonza nkhonya zikuluzikulu m'tauni, ndipo a Namacha analengeza kuti wopambana akamenya ku Blantyre pakatha masabata atatu, pamaso pa anthu ochuluka ndi a wailesi. Kwa Layisoni, amene ankadziwika kale ndi a m'tauni, unali mwayi umodzi mwa ingapo. Kwa Khasu unali wokhawo. Zaka zinali zitapita, ndipo palibe wa m'tauni anali atabwerapo ku Lirangwe kudzaona munthu. Mkazi wake, yemwe sankapita kunkhonya, tsiku limenelo anabwera, nakhala pabenchi yakutsogolo atafumbata nsonga ya chitenje.

Malaundi awiri oyamba anali a Layisoni, ndipo ndinkamwetulira ngati ndamuphunzitsa ndine. Yachitatu Khasu anayamba kumupeza m'nthiti. Yachinayi anamugwetsa, Layisoni n'kudzuka oyimbira atafika pa sikisi. Yachisanu inalinso ya Khasu. Majaji ananena pambuyo pake kuti pofika pamenepo Khasu anali patsogolo pamapepala onse atatu. Chomwe chinatsala n'chakuti akhale chiimire mphindi zitatu zomaliza.

Ndinaimba wezulo, apakona anatuluka, ndinadina batani, ndinamenya limu. Layisoni anadziwa kuti watsalira, ndipo anachita chimene sindinamuonepo akuchita. Anasiya kuzungulira, anaima pakati, nayamba kubwezera. Khasu, m'malo momuzemba, anamulandira. Anthu onse anaimirira. Matabwa ankanjenjemera mpaka tebulo langa. Ndikukumbukira kuti ndinayang'ana wotchi ili pa mphindi ziwiri. Kenako Khasu anang'ambika pamwamba pa diso, anatsamira zingwe, tonse tinati zatha, koma anachoka pazingwepo ndi nkhonya yamanzere imene inam'pinda mawondo Layisoni. Layisoni anagwira mpweya, anabwezera. Khasu anabwezeranso. Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangozindikira ndili chilili, sipanala ili m'manja, ndikukuwa dzina la munthu amene ndinkamunyoza m'minibasi.

Ndiye dzanja lamanja la Layisoni linafika pachibwano. Khasu anagwa chammbali. Oyimbira anawerenga mpaka teni Khasuyo ali pabondo limodzi, akufunafuna chingwe ndi dzanja.

Apo ndi pamene ndinayang'ana pansi. Wotchi inkati mphindi zitatu ndi masekondi makumi anayi ndi mphambu ziwiri. Kuchotsapo kuwerenga kwa oyimbira, ndiye kuti Khasu anagwa patadutsa theka la mphindi kuchokera pomwe limu inayenera kulira. Kathabwa sindinakagwire n'komwe. Nkhonya inali itatha, iye atapambana, ine ndi amene ndinam'siya m'zingwe.

Palibe anazindikira. Oyimbira ayi, majaji ayi, ngakhale a Namacha. Aliyense anali komwe ndinali ine. Ndipo chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero si kuiwalako, koma chimene chala changa chinachita pambuyo pake. Chinadina batani lachiwiri lija, wotchi n'kubwerera pa ziro.

Lamulungu ndinakhala pakhonde osatsegula buku. Mayi a kunyumba anandigwira pamphumi, anati munthu ine kukhala tsiku lathunthu osawerenga ndiye kuti ndi malungo. Ndinawauza. Sanandilalikire. Anangofunsa ngati mkazi wa munthuyo anali pomwepo, ndipo nditati eya, analowa m'nyumba, nanditulutsira shati yoyera.

Lolemba m'mawa ndinapita kwa a Namacha. Anandimvetsera akupukuta magulovu ndi kansalu, osandiyang'ana. Nditamaliza anafunsa kuti, “Ndiye munaonera?” Ndinati ndinaonera. “Inali yabwino?” Ndinati inali yabwino kwambiri. Anapumira m'mwamba, natenga foni kuimbira bambo wa m'tauni uja ine ndili pomwepo. Yankho linali lakuti zolembedwa zalembedwa, komanso munthu amene wagwetsedwa mpaka teni ayenera kupuma kaye, sangamenye pakatha masabata atatu ngakhale zitatani. A Namacha anati ntchito sandichotsa, chifukwa munthu amene wapsa kamodzi ndi amene amasamala moto, koma kwa Khasu ndipite ndekha, iwo sandiperekeza.

M'minibasi yonse ndinkakonza mawu, ndinaikamo ndi miyambi iwiri. Ndinam'peza kudimba akuthirira tomato, pamwamba pa diso pali pulasitala. Mkazi wake ankazula udzu chapatali pang'ono. Miyambi ija inathawa yonse. Ndinangonena manambala momwe ndinawaonera pawotchi, ndi kuti ndinabweza pa ziro.

Khasu anaika kheni yothiririra pansi. Anayang'ana madzi akulowa m'dothi. Kenako anati anali atawauza kale mayi ake kuti adzatchere wailesi. 

“Komatu ndimadziwa, achimwene,” anatero pambuyo pake. “Miyendo yanga inaliza belu kalekale. Ndimangoti mwina wotchi za ku Chileka zimayenda pang'onopang'ono.”

Ndinam'funsa chimene chinkandivuta chiyambire Loweruka. Popeza ankadziwa kuti ali patsogolo, analekeranji kum'kumbatira Layisoni, kapena kuzungulira mpaka nthawi ithe? Buku langa linkanena choncho, ndipo wankhonya aliyense wanzeru akanatero. Anandiyang'ana ngati ndam'funsa chifukwa chimene amathirira tomato.

“Munthu uja anasiya kuthawa, anabwera kudzamenyana nane. Anthu anaimirira. Ndiye ine ndiyambe kuthawa?”

Mkazi wake sanandilankhule tsiku limenelo, ndipo sindinam'dandaule. Ponyamuka, Khasu anandithyolera tomato m'jumbo. Ndinakana, anati ndikakana ndiye kuti nkhani sinathe. Tomato ameneyo anandilemera kuposa thumba la feteleza.

Layisoni anapita m'tauni, anapambana, anapambananso kangapo, mwaukhondo monga mwa nthawi zonse. Kwa Khasu mwayi wina sunabwere. Bala la pamwamba pa diso lija linkatseguka akangomenyedwa pang'ono, ndipo chaka chotsatira anapachika magulovu. Sindinganame kuti zinatha bwino. Ulendo wa ku Blantyre unali wake, ndipo unathera m'manja mwanga.

Koma mukakwera minibasi ya ku Lirangwe lero n'kuyambitsa nkhani ya nkhonya, dzina loyamba kutuluka ndi la Khasu. Ena amafika polumbira kuti tsiku lija anapambana ndi iyeyo, ndipo ine ndimangokhala phee, chifukwa akunena zoona kuposa momwe akudziwira. Ndaganizira kwa zaka chimene chimachititsa kuti wankhonya wina akhale wa m'badwo wonse pomwe anzake opambana kuposa iye akuiwalika. Si mphamvu zokha, amphamvu ndawaona ambiri. Layisoni akalowa m'zingwe, munthu mmodzi yekha ndi amene anali pangozi, mnzakeyo. Khasu akalowa, onse awiri anali pangozi, kuyambira limu yoyamba mpaka yomaliza, ndipo palibe ankadziwa kuti agwa ndani, ngakhale mwini wakeyo. Anali ndi njira yopambanira mosavuta, ankaidziwa, koma sankaitenga. Anakoka ngakhale Layisoni kuti kwa mphindi zitatu amenye ngati iye. Kondakitala uja anali atandiuza kale zonsezi ndi chimanga chake chootcha, koma ine ndinafunika kuwononga mwayi wa munthu kuti ndimve.

Ntchito ya belu ndinaigwirabe zaka zingapo, ndipo lamulo la a Namacha sindinalisekenso. Ndinkaika wotchi patebulo, chigongono pambali pake, dzanja lamanzere litatchinga pamphumi ngati chipewa. Nkhonya ndinkaimvera m'matabwa ndi m'mawu a anthu. Akaimirira onse, ine ndi pamene ndinkaweramira kwambiri. Anthu ena ankati wa belu uja ndi wonyada, sakondwera ndi anzake. Ndinawasiya azinena.

Khasu masiku ano amagulitsa tomato wake pamsika wa Lirangwe, ndipo mkazi wake anayamba kundiyankha moni patapita zaka ziwiri. Ndikamadutsa, Khasu salephera. Amadikira ndifike pakati pa anthu, kenako amakweza mawu mwaulemu wonse: “Pepani abwana, nthawi ili bwanji?”

Oyandikana naye amadabwa kuti munthu ali ndi foni m'thumba akufunsiranji. Ine ndimaima, ndimapinda mkono wa shati, ndimayang'ana wotchi bwinobwino, n'kumuuza ola, mphindi, ndi masekondi omwe.