Faifi-o-folo ya Asekulu

Fungo la girisi likasakanikirana ndi la khofi wonyowa, ndimaona agogo anga aamuna, amene tonse ku Misuku tinkawaitana kuti Asekulu, atagona chagada pansi pa galimoto yawo, miyendo yokha ili panja, wailesi ili pachitsa ikukamba za zipani zatsopano. Inali pikapu yoyera yakalekale yonyamula matumba a khofi kupita ku boma, ndipo kumbuyo kwake kunali manambala achitsulo: 504.

Manambalawa aliyense ankawatchula mwakemwake. Asekulu ankati faifi-o-folo. Aphunzitsi athu ochokera ku Zomba ankati faifi handiredi ende folo. Ogula nyemba a ku Tanzania ankati tano sifuri nne. Ngakhale zaka ankazitchulanso mosiyanasiyana: chimene Asekulu ankati nainte-folo, amayi ankangoti chaka cha mavoti. Asekulu sizinkawakhudza. Ankati galimoto imamvera dzanja, osati dzina.

Dzinja lotsatira mavotiwo, pampu ya madzi ya galimotoyo inatheratu. Amayi anali oyembekezera, masiku atayandikira, ndipo anamwino anali atawauza kuti akachirire kuchipatala chachikulu chifukwa mwana sanagone bwino. Bambo anali kutali kuntchito. Asekulu anatuma bambo aang'ono, a Lusekelo, kumalire kukagula pampu ina. Kumeneko mvula inkasokosera padenga la malata, ndipo wogulitsa anamva folo-o-folo, mtundu wina wa galimoto wakale kuposa wathu.

A Lusekelo anabwera wapansi, matope mpaka m'mawondo. Asekulu anayesa pampuyo uku ndi uku, koma mabowo a mabawuti sanagwirizane. Sanakalipe.

"Unanena bwanji kumeneko?"

"Monga mumanenera inuyo, Tata."

Asekulu anaika pampuyo pansi, n'kukhala nthawi yaitali akupukuta manja ndi sanza.

Matenda a amayi anayamba m'mawa mwake. Amuna a m'mudzi anamanga machira a nsungwi ndi bulangeti, ndipo Asekulu, ndi bondo lawo lotupalo, anakana kusiyira anyamata okha. Anasenza kutsogolo pamatsitso oterera, ine ndikutsatira ndi beseni la nsalu pamutu. Sitinafike. Mchemwali wanga anabadwira m'nyumba ya mayi wina wachilendo m'mbali mwa msewu, ndipo amayi anataya magazi ambiri lole ya matabwa isanatipeze. Onse anapulumuka. Mwanayo anamutcha Tupokiwe, kutanthauza kuti tapulumutsidwa.

Kuyambira pamenepo Asekulu anasiya kutchula manambala mwachidule. Nambala iliyonse ankaitchula imodziimodzi, akuonetsa zala, kenako n'kuuza womvayo kuti abwereze. Kusikelo atafunsidwa chaka chimene Tupokiwe anabadwa, anati wani, naini, naini, faifi, amayi ena pamzere akuseka. Anthu atayamba kutsutsana ngati chaka chatsopano chinali thu sauzande kapena twente ziro-ziro, iwo anangoti thu, ziro, ziro, ziro. Ndinawafunsapo chifukwa chake.

"Mawu ukawafupikitsa, njira imatalika," anatero.

Tupokiwe lero ali ndi ana ake. Amayi sanabwererenso mphamvu zawo zakale, ndipo ndowa yamadzi sanaisenzenso. Ine ndimagulitsa mankhwala m'tauni, ndipo kasitomala akandiuza nambala kapena chaka, ndimamupempha kuti anene imodziimodzi, ine n'kubwereza. Ena amatopa nane. Ndimawasiya atope.